Ipha Kholo, Ana Afa Okha

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzaikamba. Koma popeza mkazi wanga amaifotokoza pa ukwati uliwonse, ku bridal shower, ngakhale mu minibasi kwa anthu osawadziwa, bola ndiikambe ndekha, mwina manyazi angachepeko. Ine ndinatsala pang'ono kuluza mkazi chifukwa cha Chichewa. Inde, Chichewa chomwechi, choyamwira kwa mayi anga.

Ntchito yanga ndi yoyang'anira ma server. Server ndi kompyuta yaikulu imene imangogwira ntchito payokha kwinakwake, ife n'kumailamula tili patali. Ya kampani yathu imatumiza mitengo ya mbewu m'mafoni a alimi Loweruka lililonse m'mawa. Imayendera Linux, pulogalamu yaulere ija, ndipo ine pa nkhani ya Linux ndinali ngati mlaliki wa pa depoti. Munthu akangodandaula kuti laptop ikuchedwa, ine ndaimirira kale: "Tayani zogulazo, abale, bwerani ku zaulere!"

Matenda anga achiwiri anali kumasulira. Ndinkati makompyuta nawonso alankhule Chichewa, Chingerezi tatopa nacho. Pulogalamu ikabala tinzake, azungu amati parent ndi child, ine ndinati kholo ndi ana. Ana otsala opanda kholo ndinawatcha amasiye, pulogalamu yaikulu imene imawatola ndinati wamkulu. Kuimitsa pulogalamu amati kill, ine ndinati kupha basi. Mapulogalamu ogwira ntchito mobisika amawatcha daemon, ine ndinati chiwanda. Mwini mphamvu zonse pa makina ndi root, ine ndinati muzu. Ndiye pali timapulogalamu tina timene tinafa kale koma tikuonekabe ngati tamoyo, iwo amati zombie. Apa ndiye ndinachita kudziombera m'manja ndekha. Ndondocha!

Mnzanga wa ku ofesi ku Blantyre, Mphatso, anandichenjeza.

"Aise, tsiku lina adzakuotcha ndi matayala."

Ndinamuuza kuti ali ndi mtima wa atsamunda. Mapeto ake anazolowera, ndipo tinkalankhulana choncho tsiku ndi tsiku osaonapo chachilendo.

Tsono linafika Loweruka loti ndikaonekere kwa makolo a Tadala, chibwenzi changa, kwawo ku Tsangano. Pa ntchito yathu pali lamulo limodzi lodziwika kwa aliyense: sasintha mapulogalamu a pa server Lachisanu, zimene timati kupanga update. Ine ndinkaliphunzitsa kwa ena lamulo limeneli, chala m'mwamba. Lachisanu lomwelo madzulo ndinapanga update, n'kutseka laptop, n'kupita kokameta.

M'mawa ndinadzera ku Manjawira kukatenga malume anga, a Ngozo, amene anali ondilankhulira. Njira yonse anandipatsa malangizo amodzi okha.

"Iwe, pakamwa pako ndimapadziwa. Kumeneko ukakhale chete. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata."

"Osadandaula, malume."

"Mawu amenewo ndi amene akundidandaulitsa."

Tinafika mano akugundana, poti ku Tsangano kuzizira sikuchita nthabwala. Anatilandira bwino, mipando panja padzuwa, thobwa m'makapu. Kuseri kunkamveka nkhuku ikudandaula za tsogolo lake. Wotilankhula anali malume ake a Tadala, a Dzonzi, mphunzitsi wopuma komanso katekisiti wa tchalitchi cha m'deralo, korona m'khosi, magalasi kunsonga kwa mphuno. Mlongo wawo, mayi ake a Tadala, a Nadzonzi, anatipatsa moni atagwada n'kuchoka.

Tisanayambe n'komwe, a Dzonzi anayang'ana kafoni kawo n'kupukusa mutu.

"Anthu a mitengo ya kachewere aja lero agona. Uthenga sunabwere mpaka pano, chonsecho ine ndili ndi matumba oti ndigulitse."

Ndinakumbukira update yanga ija. Koma ndinadziuza kuti ndi network ya kuno, ndipo malume anati ndikhale chete, choncho ndinamwa thobwa.

Zokamba zinayenda bwino mpaka pa funso lija.

"Nanga mnyamatayu amagwira ntchito yanji?"

"Za makompyuta, wawa," anatero malume.

Ikanathera pomwepo. A Dzonzi anali atagwedeza kale mutu. Koma ine ndinaona kuti andichepetsa, ngati ndine wa photocopy pa boma.

"Ndimayang'anira ma server, wawa."

Nkhope ya a Dzonzi inawala. "Ma server! Otumikira pa Misa?"

Apa ndikanangoti ayi, ndi makina. Koma ndinafuna kuoneka bwana.

"Ayi wawa, awa ndi antchito anga. Amagwira usana ndi usiku."

"Oo. Amagona nthawi yanji?"

"Sagona."

"Sagona. Nanga kudya?"

"Sadya, wawa."

"Mumawalipira bwanji anthu otero?"

Mlaliki wa pa depoti uja anadzuka mwa ine. "Ubwino wake ndi umenewo, wawa! N'zaulere! Palibe olo tambala imene timalipira. Ndi anthu osadziwa okha amene amalipira."

A Dzonzi anakankhira magalasi m'mwamba pang'onopang'ono. "Amakhala kuti antchito anuwo?"

"Kunena zoona sindinawaonepo ndi maso. Ali m'chipinda china chozizira, chokhoma, chopanda mawindo. Ine ndimangolamula ndili kunyumba, ndalama n'kumalowa."

Malume anandiponda phazi mpaka chala chachikulu chinalira. Nthawi yomweyo foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Inasiya, n'kuyambanso, n'kuyambanso. Mphatso. Ndinapempha kuti ndipite kuseri, onse n'kuganiza kuti thobwa lagwira ntchito.

Network ya ku Tsangano ndi ya mwano. Pakhomopo foni inkangolira koma mawu osamveka, kenaka inandilonjera m'Chipwitikizi kuti ndalandiridwa ku Mozambique. Ndinayamba kutsatira timizere ta network, foni m'mwamba. Ndinadutsa khola, ndinalowa m'munda wa kachewere, ndinalumpha mizere, mpaka ndinakwera pa chulu china pafupi ndi kankhalango ka mitengo italiitali. Timizere tinadzaza! Ine ndine mwana wa ku Ntcheu, ndimadziwa bwino tanthauzo la mitengo yosadulidwa pakati pa minda. Koma tsiku limenelo maso anali pa foni.

Ndinaika ka earphone kopanda chingwe m'khutu, foni m'thumba, manja onse awiri omasuka kuti ndizilankhula nawo. Mphepo inkaomba, choncho ndinkachita kukuwa.

"Aise, zavuta," anatero Mphatso. "Update yako ija yasokoneza. Mauthenga a alimi sanapite, bwana akuimba ngati wamisala. Memory yadzaza."

"Ndondocha zilipo zingati?"

"Zambirimbiri."

"Eya, ndinadziwa! Zachuluka ndondochazo! Ndinazisiya dzulo zikugwira bwinobwino!"

"Ndayesa kuzipha, sizikutheka."

"Iwe, ndakuphunzitsa kangati? Ndondocha siifa, inafa kale! Ipha kholo! Ukapha kholo, ana afa okha!"

"Nanga akatsala amasiye?"

"Amasiyewo usawadandaule, atengedwa ndi wamkulu! Ukatha kupha kholo, udzutse chiwanda. Chiwanda chikadzuka, zonse ziyenda, ndalama ziyambanso kulowa!"

"Chikukana. Chikufuna muzu."

Password ya root ndinali nayo ndekha, ndipo sindikanaitchula pa foni.

"Muzu sindingakupatse, ndi wanga ndekha! Basi siya, ndipha ndekha kholo limenelo. Ndingomaliza kaye za ukwatizi, lero lomwe likhala litafa!"

Kumbuyo kwanga kunamveka phuu. Nditacheuka ndinaona dengu lagwa, kachewere akugubuduzika m'mizere, khasu lili apo, ndi mayi wina akuthawa liwiro la mtondo wadooka, chitenje m'manja. Anali a Nadzonzi. Anabwera kudzakumba kachewere woti atipatse ife alendo potsazikana.

Ndiye mukudziwa zimene ndinaganiza? Ndinati mwina aona njoka. Ndinayang'ana pansi kufunafuna njokayo. Nditakweza maso m'pamene ndinaona timitanda pakati pa mitengo ija. Mayo ine! Manda!

Ndinayamba kuwerengetsa zimene mayiwo aona. Mkamwini wa mawa, waima pa chulu pambali pa manda, foni palibe, akulankhula yekha ndi mitengo, manja m'mwamba, akulamula kuti kholo life. Ndipo kholo lokhalo limene linali pafupi anali iwowo.

Pobwerera ndinapeza pakhomo pasintha. Ana onse anawatsekera m'nyumba, ndinkangoona timaso pa windo. Nkhuku ija anaimasula, inkayenda pabwalo monyada. Makapu a thobwa anachotsa. Malume anali chilili, chipewa m'manja. A Dzonzi anaima pakati pa bwalo, dzanja lina korona, lina botolo la madzi odalitsidwa, mlongo wawo atabisala kumbuyo kwawo akupuma mwabefu.

"Imani pomwepo!" anatero a Dzonzi. "Mlongo, bwerezani zimene mwamva."

A Nadzonzi anabwereza zonse, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Mayi amenewo akanakhala server sitikanavutika ndi memory.

A Dzonzi anatembenukira kwa malume. "A Ngozo, mwatibweretsera chiyani pakhomo pano?"

Malume anga, mlongo wa mayi anga weniweni, anatsokomola n'kunena kuti, "Wawa, mwanayu ndi wa mlongo wanga, sindikana. Koma anakulira ku Blantyre. Ine ndangomuperekeza."

"Wawa, ndiloleni ndifotokoze," ndinatero, thukuta kamukamu ngakhale kunali kozizira. "Palibe zoopsa. Ndi mawu a ku ntchito chabe."

"Ndondocha muli nazo kapena mulibe?"

"Ndili nazo, koma..."

"Wavomera!" anakuwa a Nadzonzi.

"Koma si zimene mukuganizazo! Zangobwera chifukwa cha update!"

"Nanga chiwanda?"

"Chiwandacho n'chabwino, wawa, ndi chimene chimagwira ntchito yonse. Panopa changogona."

A Dzonzi anachita chizindikiro cha mtanda. Malume anasuntha pang'ono kuti atalikirane nane.

Pamenepo ndinakumbukira kuti Mphatso ananditumizira chithunzi cha uthenga umene server inalemba ikuvutika. Ndinati eya, umboni ndi umenewu, aona okha kuti ndi za makina. Sindinachiwerenge n'komwe. Ndinangotsegula n'kupereka foni kwa a Dzonzi ndi manja awiri.

"Inu ndinu aphunzitsi, wawa. Werengani nokha."

Anailandira ndi nsonga za zala, n'kukonza magalasi. Server yathu inali yakale, ndipo Linux yakale inali ndi kalankhulidwe kake ikathedwa nzeru. A Dzonzi anawerenga mokweza, ndi Chingerezi cha m'kalasi, liwu lililonse palokha.

"Out of memory. Kill process, or sacrifice child."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo n'kumasulira, monga ankachitira ndi ana a sitandade 8.

"Akuti nzeru zawathera. Aphe, apo ayi apereke mwana nsembe."

M'nyumba muja ana anayamba kulira onse pamodzi. Ine ndisanatsekule pakamwa, madzi odalitsidwa anandimenya kumaso, ena m'mphuno, ena pa jekete yobwereka. Madzi a ku Tsangano, abale, ngakhale odalitsidwa amazizira chimodzimodzi.

Nanga Tadala, wokondedwa wanga, amene ankadziwa zonse za ntchito yanga, anali kuti? Anali pakhomo pa khitchini, atagwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe. Ndinayamba kumumvera chisoni. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti akuseka. Ankafuna kulankhula koma akangondiona ndikudontha madzi, ankayambiranso.

"Tadala, chonde!" ndinatero. "Ukwati ukutha uku!"

Anapukuta misozi ndi chitenje, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi malume ake.

"Amalume, uthenga wa mitengo ya kachewere uja mumalandira Loweruka, amatumiza ndi iyeyu. Antchito akewo ndi makina. Kholo ndi pulogalamu, ana ndi mapulogalamu, chiwanda ndi pulogalamu. Mawuwo anamasulira yekha, palibe anamutuma. Munthuyu si mfiti, ndi wamatama chabe."

Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzasangalala kutchedwa wamatama pamaso pa apongozi.

A Dzonzi sanagonje msanga. "Makina ali ndi ana? Makina ali ndi amasiye?"

"Muloleni akonze inu mukuona," anatero Tadala. "Uthenga wanu ukabwera, mudziwa."

A Dzonzi anaseweretsa korona. Kenaka anandiloza ndi botolo lija.

"Chabwino. Muchitire pamaso panga. Koma mumve bwino, mnyamata. Mukapha kholo lanulo, munthu wina aliyense m'mudzi muno akangoyetsemula, ukwati palibe."

"Zikomo, wawa. Koma pali kavuto kamodzi."

"Kotani?"

"Network ili kumanda kokha."

Malume anavala chipewa n'kuchivulanso.

Ndiye tinanyamuka ulendo wa ku chulu, ine patsogolo ndi laptop imene ndinabwera nayo m'chikwama, a Dzonzi pambuyo panga ndi botolo, Tadala akudziluma milomo, a Nadzonzi akunong'ona mapemphero, malume kumapeto kwenikweni kuti zikavuta asavutike njira. Anthu a makomo oyandikana anali atamva kale, nawonso anatitsatira chapatali, ena atanyamula makasu osati olimira.

Ndinakhala pa chulu n'kutsekula laptop. Ife a Linux timagwira ntchito pa screen yakuda bii, timalemba toyera tokhatokha. Ine ndinkanyadira zimenezi moyo wanga wonse.

"Taonani," ananong'ona a Nadzonzi. "Mdima wokhawokha. Ngakhale kachithunzi ka maluwa mulibe."

Password ya muzu ndinailakwitsa koyamba. Nditalowa, ndinalipeza kholo lija ndi ndondocha zake zili ndandanda.

"Kholo lake ndi limeneli, wawa. Ndi nambala chabe, onani."

"Dzina lilibe?"

"Lilibe."

"Mfunda?"

"Lilibenso."

"Iphani tione."

A Nadzonzi anagwira pamtima n'kutsinzina. Ine ndinalemba kill ndi nambala ija, n'kudina Enter. Ndondocha zonse zinazimiririka. Ndinadzutsa chiwanda, chinadzuka bwinobwino. Kenaka tinadikira. Mphepo yokha. Kumbuyo kuja bambo wina wachikulire anayamba kukwinya mphuno, kukamwa kukutseguka pang'onopang'ono, ndipo ine ndinamuyang'ana ndi maso opempha mpaka anadzitsina mphuno yekha. Mulungu amudalitse bambo ameneyo kulikonse ali.

Kenaka kafoni ka a Dzonzi kanalira. Ka a Nadzonzi kanalira m'chitenje. Mafoni a anthu a makasu aja analira motsatizana, munda wonse tiriri tiriri. A Dzonzi anatsekula uthenga, anauwerenga, anapukuta magalasi n'kuuwerenganso.

"Kachewere wakwera," anatero motsitsa mawu.

"Wakwera?" anafunsa a Nadzonzi, diso limodzi lotsekula.

"Wakwera kwambiri."

A Nadzonzi anadzigwiragwira m'manja ndi m'miyendo, napeza kuti akadali moyo. Anthu a makasu aja anayamba kumwetulira, wina mpaka anandipatsa moni wa dzanja. Malume anatulukira kutsogolo mwadzidzidzi, chifuwa patsogolo.

"Ndimakuuzani ine! Mwana ameneyu ndinamulera ndekha!"

Nkhuku ija inagwidwanso, tsoka lake. Tinadya, zokamba zinatha bwino, tsiku la chinkhoswe linapanganidwa. A Dzonzi analankhula mawu ogwira mtima, akuti anthu a masiku ano tisamafulumire kukhulupirira za ufiti, dziko linapita patsogolo, zonsezi ndi sayansi. Ine ndinkangogwedeza mutu, jekete ikuuma pang'onopang'ono. Mumtima ndinati koma ndiye ndawaphunzitsa anthu lero.

Potiperekeza kumsewu, a Dzonzi anandigwira pamkono n'kunditengera pambali, kutali ndi onse. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulowetsa korona m'kati mwa malaya.

"Mkamwini," anatero, ndipo kanali koyamba kunditchula choncho. "Ine ndamvetsa zonse. Ndi makina basi, sayansi yeniyeni."

"Zoona, wawa."

"Eya. Tsono matumba anga aja ndaganiza zowasunga kaye, ndigulitsa Loweruka likudzali." Anatsitsanso mawu. "Lachisanu usiku mudzaphenso kholo lina. Lonenepa."

Mawu ena, abale, asiyeni m'Chingerezi momwemo, azungu anali ndi chifukwa.